Mawu Opendama

Lachiwiri ndimatseka saluni isanakwane faifi,
manja akununkhabe mafuta a tsitsi la eni,
n'kukwera tekesi ya ku Braamfontein
kukaphunzira kufunsa nkhalamba za ku Jeremani
ngati zagona bwino, ngati zamwa mankhwala.
Tilipo khumi ndi mmodzi: anamwino a ku Bulawayo,
mnyamata wa ku Lubumbashi wosavula chipewa,
ndi ine wa ku Kasinje, pasipoti yotsala masamba atatu.

Aphunzitsi athu a Vesna nawonso Chijeremanichi
adachitola panjira, nkhondo itawasamutsa ali mwana.
Lero sanabwere ndi der, die, das.
Abwera ndi kabuku kothetheka m'mphepete.
Akuti wolemba wake ndi wobwera,
chinenero adachita kubwereka, ndipo sadabweze.

Ndawerenga ngati wowoloka pa ulalo wa mtengo umodzi.
Sutikesi ndaimva. Sitima ndaimva.
Mzere woyamba kusanache,
kalaliki wolakwitsa dzina la munthu n'kudindapo chidindo,
izi sindinafunire dikishonale,
ndidaziwerenga kale ndi miyendo pa Beitbridge.

Koma chakumunsi kwa tsamba pali mawu amodzi opendama,
achilendo pakati pa achilendo,
aima ngati munthu wokana kuvula jekete pa ukwati wa eni.
A Vesna akuti si Chijeremani ayi,
ndi chakwawo kwa mwiniwake, adawasiya dala.
Wa chipewa uja akuti chiyenera kukhala chakudya.
Ine ndikuti ndi dzina limene mayi ake
ankamuitanira kukamada.
"Kapena," atero a Vesna, maso pa windo
kumene sitima zakufa zagona pansi pa mlatho.

Malume a Bizaliyele adabwera kuno ndi Theba
n'kutchona zaka makumi atatu.
Makalata awo ankafupika chaka ndi chaka,
Chichewa chikusuluka ngati chitenje choiwalika pa chingwe,
mpaka yomaliza: Ndili bwino. Mbuzi musagulitse.
Manda awo ndidawafuna ku Carletonville
masabata awiri, ya tekesi n'kundithera.

Tsono ine ndikufuna kusanjikiza nyanja pamwamba pa Limpopo.
Ndaona wanga pa foni amati "amayi a ku Joni"
ngati kuti alipo enanso.
Nanga chaka chamawa adzati a kuti?

Ku Yeoville magetsi azima.
Kuseri kwa katani wogawa chipinda chathu
Esnala akukukuta mano m'tulo.
Ndayatsa tochi ya foni. Ntchito ya kunyumba:
lembani za kwanu, mizere isanu.
Ndalemba kuti kwathu kuli phiri.
Kuli chigayo. Kuli mitengo ya masawu.
Zonse zoona, koma zangoti gone pa pepala
ngati usipa wa pa benchi, maso tong'o.
Ndani amene kwawo kulibe phiri?

Ndakhwatcha. Ndayamba za khomo.
Kuno khomo ndi belu, kamera, galu, waya wa magetsi,
ndi mawu a m'kabokosi ofunsa kuti ukufuna chiyani.
Uko akuti umagogoda katatu n'kudikira.
Kwathu umaima chapatali, pabwalo,
chala osakhudza chitseko,
n'kutsogoza mawu kuti akakufikire usanafike:

odi.

Ndawapendamitsa ndekha ndi bolopeni ya Esnala.
Sindinawamasulire.
A Vesna akafuna awazungulize ndi inki yofiira,
mayeso ndi a Novembala, ndalama ndidalipira kale.
Koma awawa akwera nawo ndege,
alibe kulemera, sikelo siwaona,
ndipo nkhalamba ina yosandidziwa n'komwe,
m'chipinda cha kumapeto kwa khonde, kunja kuli chipale,
idzawamva m'mawa uliwonse ndisanalowe ndi beseni,
idzadabwa, idzanyinyirika, idzandinenera kwa abwana,

tsiku lina idzayankha.